Tsiku Limene Mbewa Anaopa Kutula Musi

Padangokhala, ndipo inu muzivomera kuti tili tonse, koma chapansipansi, pakuti kumene tikupitaku anthu ankayamba ayang'ana kumbuyo asanatsegule pakamwa.

Padangokhala nyama zing'onozing'ono zimene zinatopa ndi ufumu wa Mkango. Chaka cha chigumula zinakwera m'mitondo n'kuyandama mpaka kukatsakamira pa chilumba. Zitafika zinapangana kuti za mafumu zakwana nazo. Mtsogoleri azisankhidwa chaka ndi chaka akatha kukolola, aliyense kuima kumbuyo kwa amene wamufuna, mzere wotalika ndiwo wapambana. Opikisanawo sankaloledwa kucheuka mpaka mizere itabalalika, kuti asadziwe amene wawakana.

Popeza mtondo ndiwo unazipulumutsa, nyamazo zinaupatsa ulemu wake. Aliyense wokhala ndi chodandaula ankagubuduzira mtondo pabwalo, n'kumasinja akuimba dandaulo lakelo, ngakhale kutchula dzina la mtsogoleri, ndipo woimba pamtondo sankagwidwa. Zinalumbira kuti wogwira munthu wosinja manja ake adzafota. Amene ankakhulupirira kwambiri zimenezi anali Ng'ona, mwini madzi ozungulira chilumbacho, chifukwa akuti agogo ake anayesapo, ndipo inu nomwe mukudziwa mmene miyendo yam'tsogolo ya ng'ona inathera.

Zaka zoyamba zinthu zinkayenda. Mbira atakhala mtsogoleri anamuimba kuti amangoothera dzuwa nkhokwe zikudontha, ndipo iye anachita manyazi n'kukafolera nkhokwezo. Nungu atalowa anamuimbanso. Iyeyo ankaimika minga n'kusiya kupereka moni kwa oimbawo, koma zinkathera pomwepo. Kenako kunabwera Ng'azi, wa lilime la mphanda.

Ng'azi anapambana bwinobwino chaka choyamba, zimenezo tisamunamizire. Ndipo lamulo sanaswepo ndi limodzi lomwe. Iye ankangoyeza pamene lamulo lililonse lathera, n'kukaima pomwepo. Pa tsiku la mizere sankacheuka, koma pambali pake ankaimikapo mlangizi wake Bilimankhwe, amene diso limodzi limaona kutsogolo, lina kumbuyo. Amene waoneka pamzere wa wina ankapatsidwa mwayi wa ulendo wokaona kutsidya. Avumbwe awiri, asilikali a mtsogoleri, ankamuperekeza mwaulemu mpaka kudooko, n'kumukweza pamsana pa Ng'ona. Za mtondo, Ng'azi anati lamulo likunena za munthu amene akusinja, silinena kanthu za munthu amene watula musi. Woimba wotsatira anaimba mpaka kumaliza, anatula musi, ndipo asanafike pakhomo pake anapatsidwa ulendo.

Kuchokera pamenepo pabwalo panamera udzu. Amayi ankasinjira kuseri kwa nyumba atatseka pakamwa. Opita kutsidya sankabwera, sankatumiza ngakhale moni, komanso sankaliridwa, pakuti kulira maliro a munthu wamoyo ndi ufiti, ndipo Ng'azi ankati onse ali moyo, akunenepa. Anamzeze obwera ndi mvula ankaona mizere ikuimidwa chaka chilichonse, n'kukauza maiko ena kuti pachilumba paja pali ufulu wosasimbika.

Tsono panali Khoswe. Khoswe ameneyu sanali munthu woti n'kumusungitsa thumba la mtedza. Anali wakuba, wabodza, ndiponso wamantha, ndipo pa tsiku la mizere ankalawirira kuti akaime pafupi ndi mchira wa Ng'azi, pamene diso la Bilimankhwe silingamuphonye. Koma anali ndi mlongo wake mmodzi yekha, Mbewa, ndipo mwini mbumba anali iyeyo. Mwamuna wa Mbewa, Sakhwi, anaima pamzere wolakwika chaka chimenecho, ndipo anapatsidwa ulendo chimanga chisanalowe chonse m'nkhokwe.

Tsiku lina m'mawa Khoswe anamva mtondo ukulira pabwalo. Kasinjidweko ankakadziwa. Anathamanga, ndipo anapeza Mbewa akusinja, Avumbwe awiri aja atakhala kale pansi, wina kuno wina uko, michira ikugwedezeka pang'onopang'ono.

Nyimbo yake inali yosavuta. Inkaitana Sakhwi ndi dzina, n'kumuuza kuti khasu lake likadali pakhomo pamene analisiya. Inkafunsa kuti kutsidyako n'kotani kumene wopita satumiza ngakhale kamchere, n'kufunsanso mwini malilime awiri kuti anthu amvere liti. Ikafika pamenepo inkasiya mpata woti ena avomere, monga zimakhalira nyimbo za pamtondo. Mumpatamo munkangomveka musi wokha.

"Chemwali, mwachita chiyani?" anafunsa Khoswe monong'ona.

"Ndatopa n'kuyala mphasa ya munthu amene sindikudziwa ngati ali moyo, achimwene."

"Nanga mukatopa mikono?"

"Zimenezo sindinaganize," anatero Mbewa. Ukali umene unamubweretsa pabwalo unali utayamba kale kuzizira, kwatsala mantha okhaokha.

"Musaleke. Zivute zitani, musi usagone pansi mpaka ndibwere."

Khoswe anayamba ndi kwa Ng'azi. Analowa chokwawa, akuomba m'manja.

"Bwana Mtsogoleri, mwamva phokoso lija? Ndi mlongo wanga. Mutu wake sukoka bwino chichokereni cha alamu. Muloleni apite kunyumba, ine ndikamumangira m'nyumba ndekha."

Ng'azi anatulutsa lilime n'kulibweza. "Wamugwira ndani?"

"Palibe, bwana."

"Wamuletsa kuimba ndani?"

"Palibe, bwana."

"Ndiye wadzadandaula chiyani? Kuno kuli ufulu. Aimbe mpaka akhute. Akamaliza tidzamuthandiza, poti akufuna kudziwa za kutsidya."

Bilimankhwe, amene anakhala pa nsanamira, anayankhula pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chake. "Ndipo umukumbutse kuti mtondo wopanda kanthu sausinja. Chimanga chikatha, kusinja kwatha."

Khoswe anathokoza kwambiri chifukwa cha malangizowo, n'kutuluka chafutambuyo. Sanapite kutali. Anazungulira kuseri, n'kulowa m'nkhokwe ya Ng'azi yemweyo pa kabowo kamene anaboola kalekale, n'kutulukamo ndi lichero lodzaza. Akudutsa anaona diso limodzi la Bilimankhwe litasuzumira pa mpata wa khoma, likumutsata mpaka pa njira.

Pabwalo anapeza chimanga cha mumtondo chitasanduka fumbi. Anathiramo chatsopano, n'kumwetsa mlongo wake madzi musi ukugundabe. Mbewa anaimbanso nyimbo ija, kuitana Sakhwi, kufunsa za kutsidya, kusiya mpata. Zitseko zonse zozungulira bwalo zinali zotseka, koma pa mng'alu uliwonse panali diso. Mumpata muja munalira musi wokha.

Kachiwiri Khoswe anachita chimene sanachitepo chibadwire, anakanena zoona. Anagogoda kwa Gologolo.

"Achimwene, mlongo wanga mikono yatha. Tiyeni tikamulandire musi, tizisinja mosinthana."

"Wogwira musi ndiye kuti waimba nawo, ndipo wotula musi ukudziwa kumene amapita," anayankha Gologolo chitseko chili chotseka. "Mwana wanga wamkulu anapita kale. Ndatsala ndi aang'ono awa."

Anapita kwa Nkhanga.

"Ine za ndale sindilowa nawo," anatero Nkhanga. "Ndipo usaime nthawi yaitali pakhomo panga."

Anapita kwa Mbira, mtsogoleri wakale uja, amene tsopano anali nkhalamba.

"Agogo, inu munaimbidwapo ndipo simunaphe munthu. Tulukani mukawauze mmene lamulo linalili."

Mbira anayankha ali m'kati. "Ndikulikumbukira, mdzukulu wanga. Koma ndakalamba chifukwa chotseka pakamwa. Pepa."

Khoswe sanawakwiyire. Akanakhala kuti wosinjayo ndi mlongo wa wina, iyenso akanatseka chitseko n'kuikapo mpiringidzo. Anabwerera pabwalo dzuwa lili paliwombo. M'manja mwa Mbewa matuza anali ataphulika, musi utayamba kuterera. Mawu anali atasasa, moti dzina la Sakhwi linkamveka ngati chifuwa. Avumbwe aja anali atasendera pafupi.

"Akubwera?" anafunsa Mbewa.

"Akukonzeka," ananama Khoswe. "Sinjani, chemwali."

Kachitatu anatsikira kudooko. Ankaganiza zokumba una pansi pa mtondo kuti mlongo wake athawiremo, koma pachilumba una uliwonse umakathera kumadzi, ndipo madzi ali ndi mwini wake. Anaima patali ndithu, n'kupereka moni.

"Wawa, eni madzi."

Ng'ona anatukula maso okha. "Khoswe. Walawirira bwanji? Nthawi yako ndi dzuwa likapendeka."

Khoswe anasendera m'mbuyo pang'ono. "Nthawi yanga?"

"Ndalonjezedwa awiri lero. Woimba, ndi mlongo wake wakuba chimanga cha mtsogoleri."

"Ndi mwayi waukulu," anatero Khoswe. "Kodi kutsidyako n'kotani, kuti tidziwe zonyamula?"

"Musanyamule kanthu. Onse amene ndinawatenga palibe anadandaulapo."

Apa Ng'ona anayasamula, chiyasamulo chachitali cha munthu wanjala. Pakati pa mano akumbuyo Khoswe anaona kachingwe ka mikanda yofiira. Ankakadziwa. Mbewa anakatunga yekha, n'kumveka Sakhwi m'khosi tsiku la ukwati. Zimene chilumba chonse chinkadziwa osazinena, Khoswe anaziona ndi maso, ndipo anachita mantha amene sanachitepo.

Komabe mutu wa Khoswe umagwira ntchito bwino mwini wake akamanjenjemera. "Nanga eni madzi, mlongo wanga akapanda kutula musi?"

"Ndikwera ndekha pabwalo. Lonjezo ndi lonjezo."

"Mukamugwira ali pamtondo?"

Ng'ona anayang'ana timiyendo take tam'tsogolo. "Wogwira musi sindimukhudza. Koma amene ndikamupeze manja ali lende ndi wanga, kaya ndi ndani."

"Kaya ndi ndani," anabwereza Khoswe, n'kutsanzika mwaulemu.

Pokwera kumtunda ankalingalira. Anapempha anthu kuti alimbe mtima, ndipo anamutsekera zitseko. Kulimba mtima kunali kutatha pachilumbapo, koma mantha anali odzaza nkhokwe iliyonse. Tsono munthu amaphika chimene chili m'nyumba.

Anagogodanso kwa Gologolo, nkhope itagwa.

"Ndakuuza kale kuti sindituluka," anatero Gologolo.

"Sindinabwerere zimenezo, achimwene. Ndadzangotsanzika. Mukakafika, mukapereke moni kwa alamu anga."

Chitseko chinatseguka pang'ono. "Ndikafika kuti?"

"Ha, sanakuuzeni? Ndikuchokera kudooko. Lero okwera ndi ambiri, poti akuti amene amva nyimbo ija osatseka makutu agwirizana nayo. Dzina lanu ndalimva ndi makutu angawa. Koma musauze munthu."

"Ine? Ndatani ine? Nditani tsono?"

"Kaya. Ng'ona wangoti wogwira musi pabwalo samukhudza. Koma inu ndinu bambo, kusinja mungakuthe?"

Kwa Nkhanga sananene zambiri. Anangoti diso lakumanzere la Bilimankhwe lakhala pa chitseko chake chiyambire m'mawa, n'kupukusa mutu, n'kumuuza kuti asauze munthu. Kwa Mbira anati zamveka kuti akuluakulu okumbukira zakale ndiwo akwere poyamba. Nyumba zinazo sanavutike n'kupitako. Mawu akuti musauze munthu ali ndi miyendo kuposa Khoswe, ndipo pachilumbapo panalibe amene sanang'ung'udzepo tsiku lina, n'kumagona akudzifunsa ngati anamveka.

Pomaliza anakakhala pakati pa Avumbwe awiri aja, ngati munthu wotaya mtima.

"Mwagwira ntchito, mabwana. Mwaperekeza anthu ambiri, mwaona zambiri."

"Choka apa," anatero wamkulu.

"Ndichoka. Ndimangodzifunsa kuti Avumbwe amene ankaperekeza anthu inu musanayambe ali kuti masiku ano."

Avumbwe anayang'anana. Anzawo aja anapatsidwa ulendo wopumulira ntchito, ndipo awiriwa ndi amene anawaperekeza.

"Ng'ona wandiuza kuti lero akukwera yekha," anapitiriza Khoswe. "Ndiye kuti operekeza sakufunikanso."

Posakhalitsa kunamveka chigubuduzo cha mitondo kuchokera mbali zonse. Woyamba kufika anali Nkhanga uja wosalowa za ndale, musi uli kukhwapa. Gologolo anabwera ndi ana ake onse, aliyense ndi kamtengo kake. Abambo amene sanagwirepo musi chibadwire ankalimbirana ndi akazi awo, ena kusinja atatu mumtondo umodzi, chimanga chikudumphira kunja. Avumbwe analanda mtondo wa munthu n'kuyamba kusinja ngati olipidwa. Khoswe anakatenga misi iwiri. Umodzi anaugwira yekha, winawo anaugoneka pambali pa mtondo wa mlongo wake, n'kuuphimba ndi lichero.

Koma onsewo ankasinja atatseka pakamwa, monga anazolowerera.

"Lamulo likuti woimba pamtondo," anakuwa Khoswe. "Wosinja duu si woimba."

Nkhanga anayambitsa msangamsanga nyimbo yotamanda nzeru za Ng'azi, koma Khoswe anamudula.

"Imeneyo siiteteza, mayi. Makolo anati wodandaula. Mtsogoleri wathu amayeza lamulo mpaka pamene lathera, ndiye samalani."

Nyimbo ya Nkhanga inafera m'khosi. Panalibe amene ankakumbukira nyimbo yodandaula, poti zinaiwalika kalekale. Inalipo imodzi yokha, imene anaimva tsiku lonse kuseri kwa zitseko. Mbewa, maso atatseka, mawu atatsala ngati ulusi, anaitana Sakhwi, anafunsa za kutsidya, n'kusiya mpata uja. Ndipo mumpatamo munalowa mawu a Gologolo, onjenjemera, osalongosoka. Anavomera chifukwa cha mantha, koma atatsegula pakamwa panatuluka dzina la mwana wake wamkulu. Atalitchula analira, ndipo sanathenso kuleka.

Mpata wotsatira Nkhanga anatchula mchemwali wake. Mbira anatchula anzake a msinkhu wake mmodzimmodzi. Avumbwe anatchula anzawo aja. Nyimbo inakula mpaka inalibenso mwini, ndipo ena anadabwa kumva kuti woyandikana naye nyumba, amene ankapatsana naye moto tsiku ndi tsiku, nayenso anataya munthu.

Ng'azi anafika pabwalo akuthamanga. "Lekani zimenezi. Bwererani kunyumba, palibe amene akufunidwa. Avumbwe, balalitsani anthuwa."

Avumbwe anangowonjeza mphamvu pa musi.

"Bilimankhwe ali kuti?" anafunsa Ng'azi.

Anamufuna ndi maso, n'kumupeza kumapeto kwa bwalo. Mlangizi anali atasanduka mtundu wa mtondo, akusinja pang'onopang'ono ndi kamusi kake, akuimba chapansipansi. Palibe anaona nthawi imene anafika.

Dzuwa linapendeka. Kunjira ya kudooko kunamveka mimba ikukhwekhwereza pansi. Misi inagunda mofulumira, nyimbo inakwera, ana anaimba akulira. Ng'ona analowa pabwalo osafulumira, n'kuyamba kuyendera mitondo umodziumodzi, akuyang'ana manja a aliyense. Anaima nthawi yaitali pamaso pa Mbewa, mpweya wake ukuwomba gaga wa pansi. Musi wa Mbewa unakwera, unazengereza m'mwamba, n'kugwa mumtondo. Ng'ona anapitirira. Atazungulira bwalo lonse anaima pamaso pa Ng'azi.

"Bwana Mtsogoleri, lonjezo."

"Dikirani mawa, eni madzi. Atopa awa."

"Mimba yanga munaizoloweza ndinu. Za mawa siizidziwa." Ng'ona anayang'ana manja a Ng'azi. "Ndipo ndikuona kuti manja anu ali lende."

Ng'azi anaseka, koma palibe anamuthandiza kuseka. Anabwerera m'mbuyo, kenako anathamanga. Anapempha musi kwa Nkhanga, kwa Gologolo, kwa asilikali ake, kwa mlangizi wake, ndipo aliyense anakumbatira wake. Ng'ona ankamutsata pang'onopang'ono. Apa Khoswe anakankha lichero lija ndi phazi.

"Bwana, uwu watsala. Koma mtondo umene uli ndi malo ndi uwu wokha."

Ng'azi anautola musiwo n'kuyamba kusinja mumtondo wa Mbewa, mosinthana naye, wake ukakwera wa Mbewa ukutsika.

"Sindikumva nyimbo," anatero Ng'ona ali kumbuyo kwake.

"Yodandaula, bwana," anamukumbutsa Khoswe. "Lamulo mumalidziwa kuposa ife."

Bwalo lonse linatsitsa mawu. Mbewa anatsegula maso n'kuyang'ana amene akusinja naye. Anaitana Sakhwi. Anafunsa kuti kutsidyako n'kotani. Anasiya mpata. Ndipo Ng'azi, amene dandaulo lake pa nthawiyo linali limodzi lokha, la mano amene anali kumbuyo kwake, anavomera. Anaimba kuti kutsidya kulibe amene anafikako, kuti ulendo unkathera pakati pa madzi, kuti Ng'ona ndiye ankadya, iye ankangotumiza. Mbewa anafunsanso za Sakhwi yekha, ndipo Ng'azi anavomera kuti nayenso.

Mbewa anaimitsa musi. Sanakuwe. Anafuna kuutula koma zala zinakana kutambasuka, ndipo Khoswe anachita kuzimasula chimodzichimodzi. Musi unagwa pansi, ndipo kugwa kwake kunamveka bwalo lonse. Mbewa anaima manja ali lende, Ng'ona ali pomwepo.

Ng'ona anatembenuza mutu. Khoswe nzeru zinamuthera, anangoima kutsogolo kwa mlongo wake. Amene anayankhula anali Mbira.

"Lamulo silinali choncho," inatero nkhalambayo. "Woimba ankatula musi n'kupita kwawo kukaphika. Ine anandiimba, ndipo tinakalamba limodzi ndi ondiimbawo."

Anazula musi wake mumtondo n'kukaima pafupi ndi Mbewa. Gologolo anatsatira, kenako ena, mpaka Mbewa sanaonekenso pakati pawo. Onse anali ndi mantha, koma musi ukachoka mumtondo umakhala chibonga, ndipo Ng'ona anali asanaonepo zibonga zochuluka chotero pamalo amodzi. Anazolowera kulandira anthu mmodzimmodzi.

Anabwerera kwa Ng'azi, amene anatsala akusinja yekha, thukuta lili kamukamu, mikono itayamba kulemera. Ng'ona anagona pansi pafupi naye n'kuyamba kudikira, monga Avumbwe anadikirira m'mawa.

"Msiyeni atope," anatero Nkhanga. "Akaone kutsidya."

Ambiri anavomereza. Koma Mbewa anatuluka pakati pawo, manja ali chipindire pachifuwa.

"Ayi. Mawa ndikulira maliro a mwamuna wanga, ndipo pamaliro pamafunika wofotokoza mmene imfa inayendera. Wodziwa ndi uyu. Akaima pa maliro a Sakhwi, kenako a mwana wa a Gologolo, kenako a aliyense, mpaka atamaliza. Akamezedwa lero, tidzafunsa yani?"

Kenako anthu aja, monyinyirika, anazungulira Ng'azi ndi misi yawo, ndipo iye anatula wake n'kugwa pansi.

Ng'ona anawayang'ana onse, osakwiya. "Chabwino. Ine sindisankhidwa, ndipo sindichotsedwa. Mtsogoleri aliyense amakhala ndi tsiku limene nyimbo imamuwawa, ndipo tsiku limenelo amatsikira kudooko kudzacheza nane. Ndidikira." Anakhwekhwereza mimba yake kubwerera kumadzi, kachingwe ka mikanda kakali m'mano.

Maliro analiridwa nyumba ndi nyumba, opanda mitembo, ndipo Ng'azi anaima pa alionse n'kufotokoza. Anamzeze atabwera ndi mvula anapeza chilumba chonse chitameta, ndipo anakauza maiko ena kuti pachilumba paja zinthu zasokonekera chaka chino. Bodza la Khoswe linadziwika, koma palibe anamuzenga mlandu, poti aliyense ankakonda kunena kuti anapita pabwalo mwa kufuna kwake.

Atakolola anaimanso mizere, ndipo anapambana ndi Gologolo, munthu wabwino amene analira mwana wake pamaso pa onse. Khoswe anaima kumbuyo kwenikweni kwa mzere. Ali pamenepo anaona kuti pambali pa Gologolo paima mlangizi wofatsa, wa mtundu wa ubweya wa gologolo, ndipo diso lake limodzi linali kuyenda pang'onopang'ono kutsata mzere wa otsutsa.

Zala za Mbewa sizinatambasukenso, ndipo mpaka lero mbewa ikaima imapinda manja pachifuwa ngati yagwira musi. Koma m'mawa uliwonse, kaya ali ndi dandaulo lalikulu kaya ndi la nkhuku ya mnzake, ankagubuduzira mtondo pabwalo, n'kuimba pang'ono. Akatero ankatula musi pansi poyera, n'kuyamba ulendo wa kunyumba, Khoswe akumuyang'anira ali pansi pa nkhokwe. Mbewa ankayenda pang'onopang'ono osacheuka, makutu ali kumbuyo, kumvetsera ngati kukubwera mapazi.

Nthano yathera pakhomo pa Mbewa. Lero wafika.